Mlandu wa Mchira wa Gologolo

Padangokhala, kale ndithu, tayala lisanabadwe. Amene muli ndi makutu nenani kuti tili tonse, ine ndipitirize.

Masiku amenewo katundu yense wa m'dziko ankayenda pamsana pa nyama. Njati, mbidzi, nchefu ndi njiri ndiwo adali amtengatenga. M'mawa ankasenza kupita kumsika wa kumtunda, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwawo kudambo, ndipo njira idali imodzi yokha. Panjirapo padali mtsetse, ndipo m'munsi mwa mtsetsewo ndi momwe ankadutsira ang'onoang'ono: anapiye a nkhwali, ana a fulu, achule, onse aja amene ukawaponda sudziwa n'komwe kuti waponda kanthu. Tsono amtengatenga akafika pamtsetse miyendo inkawayabwa. Ankatsika liwiro la mtondo wadooka, ndipo fumbi likatha pankatsala maliro.

Madandaulo adafika kwa a Njovu, woweruza wamkulu wa dziko lonselo. A Njovu amenewa musawayerekeze ndi njovu mumazionazi. Padalibe nyama yokumbukira ubwana wawo. Akayankhula, mawu awo unkayamba kuwamva kumapazi asanafike kukhutu. Mlandu ankaulingalira mosafulumira, moti ena amati njiwa idamangapo chisa pamutu pawo, n'kuikira, n'kuswa, iwo akuganizabe. Atamva za maliro a pamtsetse adangonena mawu ochepa.

"Pamtsetse pasathamange wina aliyense. Wothamanga adulidwe mchira."

Ntchito yogwira othamanga idapatsidwa kwa Sajeni Nyalugwe ndi wachiwiri wake, Kopolo Bilimankhwe. Kagwiridwe kawo kadali kotere. Pamwamba pa mtsetse padali chitsa, m'munsi muli chulu. Kopolo ankakhala panthambi, diso limodzi pachitsa, lina pachulu. Wapaulendo akangodutsa chitsa, Kopolo ankanyamula mwendo kuti aponde, ndipo nonse mukudziwa mmene bilimankhwe amaganizira asanaponde. Wapaulendoyo akafika pachulu mwendo wa Kopolo usanatsike, ndiye kuti wathamanga. Pamenepo Kopolo ankafiira thupi lonse, Sajeni n'kuvumbuluka m'tchire momwe wabisala, mchira n'kugwa pansi. Michirayo Sajeni ankaikoloweka pamzati pafupi ndi bwalo la milandu, kuti akuluakulu aziona kuti iye sagona pantchito.

Pafupi ndi chitsa chija padali mtengo, ndipo mwini mtengowo adali Gologolo. Kamunthu kakang'ono, mutu wodzaza nzeru, pakamwa popanda chitseko. Chuma chake chonse chidali mchira. Ankaupesa m'mawa uliwonse, n'kuuyanika padzuwa kuti odutsa aone. Ndipo musamuseke, chifukwa gologolo wopanda mchira sadumpha nthambi. Amagwa, ndipo pansi pa mtengo pamakhala omudikira.

Ali mumtengo mwakemo Gologolo ankaona zonse. Adaona Mbidzi akudulidwa mchira, n'kupita kwawo ntchentche zikumuzunza iye alibe choziingitsira. Mawa lake adaona Njiri akubwera, kamchira kali njo, fumbi lili kobo kumbuyo. Mawu adamutuluka okha.

"Achimwene, chepetsani! A Sajeni ali m'tchire!"

Njiri adaima, n'kutsika mtsetse ngati wodwala msana. Kopolo adaponda, n'kupondanso, osafiira. Tsiku lotsatira Njiri podutsa adagwetsa mtedza wodzaza manja patsinde pa mtengo. Ndisakunamizeni kuti Gologolo adapitiriza ntchitoyi chifukwa cha chifundo chokha. Chifundo chidalipo, koma mtedzawo udali wonona. Pasanathe sabata aliyense wodutsa ankatsinidwa khutu, ndipo mzati wa Sajeni udaleka kulandira michira yatsopano.

Gologolo adaitanidwa kubwalo.

"Kanyama aka kandiululira msampha," adatero Sajeni Nyalugwe. "Uku n'kusokoneza ntchito ya boma. Kadulidwe mchira."

A Njovu adatembenuzira diso limodzi kwa Gologolo. Iye adagwada, n'kuwomba m'manja.

"Pepani akuluakulu, ine sukulu ndinalekeza panjira. Andithandize a Sajeni. Kodi lamulo likuti chiyani?"

"Likuti pamtsetse pasathamange wina," adayankha Sajeni.

"Nanga amene ndinawatsina khutu aja anathamanga?"

"Sanathamange."

"A Mbidzi aja, amene sindinawauze kanthu?"

"Anathamanga."

"Zikomo, bwana. Ndiye kuti ine ndi lamulo tikulima munda umodzi. Kapena lamulo likufuna michira? Ngati likufuna michira mundikhululukire, sindinamve bwino."

Nyama zidafuna kuseka, koma pamaso pa a Njovu sipankasekedwa, choncho zidangotsokomola. A Njovu adalingalira mpaka mthunzi udasuntha, kenaka nthaka idanjenjemera pang'ono.

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Mchira wake usiyeni. Koma iwe Gologolo, dzina la msilikali lisatulukenso pakamwa pako panjira."

"Ndamva, akuluakulu."

Adamvadi. Dzina la msilikali sadalitchulenso. M'malo mwake adapeka nyimbo. Nyimboyo idali ngati yogonekera mwana, yoyenda pang'onopang'ono. Mawu ake ankauza wapaulendo kuti kwawo sikusamuka, kuti khomo limene walisiya m'mawa akalipeza pomwepo. Polandira pake padalibe mawu, pankangomveka kaphokoso ka phazi loponda pansi mosamala, kamodzi, kenaka kupuma, kenaka kamodzi. Ukaivomera nyimboyo miyendo inkatsata yokha. Sajeni akabisala m'tchire Gologolo ankaimba, Sajeni akachoka Gologolo ankakhala chete, ndipo amtengatenga si opusa. Posakhalitsa mtsetse wonse unkavomera, mzati uli gwa wopanda chatsopano.

Adaitanidwanso kubwalo.

"Akuimba za ine," adatero Sajeni, mano ali panja.

"Bwana, muli dzina lanu m'nyimbomo?" adafunsa Gologolo.

"Mulibe."

"Muli tchire? Muli mawanga?"

"Mulibe, koma aliyense akudziwa."

"Ndiye mlandu ndi wa aliyense, bwana. Ine ndimangoimba ndikasungulumwa. Kungoti kusungulumwako kumandigwira inu mukafika."

"Taimba timve," adatero a Njovu.

Gologolo adaimba. Atafika polandira, bwalo lonse lidavomera lisanadzifunse, ndi mboni za Sajeni zomwe. Ndiye padachitika chinthu chimene nyama zidasimbira adzukulu awo: makutu a a Njovu, aja sankagwedera ngakhale pa mlandu wakupha, adayamba kukupiza motsata nyimbo, kamodzi, kupuma, kamodzi. Mphepo yake idaulutsa masamba pabwalo. Gologolo adaleka kuimba chifukwa cha mantha.

"Nyimbo ndi yabwino," adatero a Njovu. "Mchira wake usiyeni. Koma panjira usaiimbenso."

"Ndamva, akuluakulu."

Pakamwa adatsekadi. Koma woweruza adaiwala kutchula mchira, ndipo Gologolo sadaone chifukwa chowakumbutsira. Sajeni akabisala, Gologolo ankakwera panthambi yoonekera patali n'kugwedeza mchira kawiri. Basi. Amtengatenga adaphunzira msanga, n'kuyamba kupatsirana okhaokha: wokwera akakumana ndi wotsika ankakupiza makutu kawiri, wotsikayo n'kuchepetsa liwiro asanauone n'komwe mtengo. Mtedza unkagwa patsinde ngati mvula ya masika, Gologolo n'kunenepa mpaka khosi kusowa.

Tsiku lina Sajeni adapita kumaliro a malume ake, Kopolo n'kumuperekeza. Gologolo adawaona akuchoka. Adati lero ndipumule, nayala mchira panthambi, nayamba kuswa mtedza. Dzuwa litapendeka njati zidatulukira. Zidayang'ana mumtengo, zidaona mchira uli phee, ndipo zidatsika mtsetse liwiro limene sizidathamangepo ngakhale lamulo lisanabwere. Fumbi litatha, kumunsi kudamveka kulira kwa mayi Nkhwali. Mwanapiye wawo mmodzi adali atapondedwa.

Gologolo adakumva kulirako, mtedza n'kumuwawa m'kamwa. Koma adadziuza kuti ine sindinachite kanthu, sindinayankhule, sindinaimbe, ngakhale mchira sindinaugwedeze. Adadziuza kangapo konse kuti akhulupirire.

Pa mlandu wachitatu Sajeni Nyalugwe adabwera wopanda ukali. Sadaonetse mano, sadakalipe, ndipo zimenezi zidamuopsa Gologolo kuposa kubangula.

"Akuluakulu, lero sindidandaula za mzati wanga," adatero Sajeni. "Mundilole ndifunse ine, monga amafunsira iye. Gologolo, mchira wako ukagwedera kawiri umati chiyani?"

"Umati yendani bwino, bwana."

"Nanga ukakhala chete?"

"Ukakhala chete sunena kanthu. Ndi mchira basi."

"Bodza. Ukakhala chete umati tchire lilibe mwini, thamangani. Ine ndikamabisala wapaulendo amandiopa tsiku lililonse, chifukwa sadziwa tsiku limene ndilipo. Iwe unawagawira masiku oopa ndi masiku osaopa. Dzana linali tsiku losaopa."

Kenaka adaitana mayi Nkhwali. Adabwera pang'onopang'ono, anapiye ali m'mapiko, ndipo mawu awo adali otsika moti bwalo lidasendera kuti limve.

"Ndinali nawo asanu ndi awiri. Ndinaona njati yakutsogolo ikukweza maso mumtengo mwa a Gologolo. Itayang'ana, inaweramitsa mutu. Zinazo sindingathe kunena."

A Njovu adatembenuzira diso kwa Gologolo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, pakamwa popanda chitseko paja padatsekeka pokha. Manyazi adamugwira, ndipo mantha adabwera pambuyo pake.

A Njovu adalingalira mpaka nyama zina zidayamba kusinza chiimire. Kenaka mapazi a aliyense adamva mawu akubwera.

"Gologolo, iwe umati ukulima munda umodzi ndi lamulo. Tione ngati ungalime wekha. Mawa ndi tsiku la msika waukulu, njati zonse zidzatsika pamodzi. Sajeni adzakhala pano pafupi ndi phazi langa, ndipo dziko lonse liuzidwe lero kuti tchire lilibe mwini. Kopolo yekha ndiye adzakhale panthambi. Dzina la msilikali usatchule, panjira usaimbe. Ikangofika njati imodzi pachulu mwendo wa Kopolo usanatsike, mchira wako udzakwera pamzati."

Gologolo adabwerera kwawo ataukumbatira mchira ngati mwana wodwala.

M'mawa mwake adatsika mumtengo kukadikira mayi Njati, kapitawo wa amtengatenga, pamene ankakwera ndi gulu lawo. Mayi ameneyu adali wamkulu thupi, nyanga zotambalala, wosakonda mawu ambiri.

"Mayi, pobwerera lero mundikumbukire," adatero Gologolo. "Chonde yendani."

"Iwe Gologolo, dziko lonse lamva kuti tchire lilibe mwini. Ndiye tiyende ngati tikuperekeza mkwati?"

"Mchira wanga, mayi. Ndinapulumutsa yanu."

"Sindikukana. Ndiwauza. Koma ndife mazana, ndipo mtsetse ukatigwira sitikhalanso ndi makutu. Wakumbuyo amakankha wakutsogolo. Komanso nthawi imeneyo ana athu amakhala akulira njala kudambo, ife mawere akutiwawa. Pepa, mwanawe."

Adapita. Gologolo adatsala panjira, mawu omalizawo akuzungulira m'mutu. Ana athu kudambo. Adakanda khutu, adakandanso, kenaka adaliyatsa liwiro kulowera kumunsi.

Kudambo adapeza ana a njati ali mbwee, ena akugona, ena akugundana timitu topanda nyanga.

"Ana inu, amayi anu akamabwera kuchokera kumsika mumatani?"

"Timadikira," adayankha wamkulupo.

"Kudikira! Kwathu kumitengo mwana wosachingamira mayi ake timati sanaleredwe. Mayi asenze katundu tsiku lonse, inu muli khale pano, osapita n'komwe kukawalandira panjira? Ana a nkhwali amachingamira. Ana a fulu, ndi miyendo yawo ija, amachingamira. Inu akuluakulu matupi chabe?"

Anawo adagwetsa nkhope.

"Amalume, nanga amachingamira bwanji? Ife sanatiphunzitse."

"N'zosavuta. Mumapita mpaka pachulu, mumakhala pansi mwaulemu, n'kuimba nyimbo kuti mayi adziwe kuti mwabwera."

Adawaphunzitsa nyimbo ija pomwepo, pakuti woweruza adati asaimbe panjira, ndipo dambo si njira. Anawo adaigwira msanga, kupatula kamwana ka mayi Njati kapitawo, kamene kankachedwa polandira nthawi zonse. Anzake akaponda, iko kankabwera pambuyo kokha ndi mawu osasa. Gologolo adayesa kukakonza, n'kulephera, n'kukasiya.

Dzuwa litayamba kupendeka adawatsogolera mpaka pachulu. Atakhala pansi udzu udawabisa, moti woima pamwamba pa mtsetse sakadaona ngakhale khutu. Pomwepo adatulukira mayi Nkhwali ndi anapiye awo.

"Mayi, lero chotsani ana anu pano," adatero Gologolo, maso ali pansi.

"Ndipite nawo kuti, a Gologolo? Chakudya chili mbali ino, madzi ali mbali iyo. Ife timadutsa pano."

Adawakhazika anapiyewo pakati pa miyendo ya ana a njati, iwonso n'kukhala pomwepo. Gologolo adakwera mtsetse. Sadalowe mumtengo, adaima pachitsa penipeni, pamene aliyense angamuone. Panthambi Kopolo Bilimankhwe adali atakonza kale maso, lina kuno lina uko.

Choyamba Gologolo sadamve kanthu ndi makutu. Adaona makoko a mtedza patsinde pa mtengo akuyamba kuvina okha. Kenaka chitsa chidayamba kunjenjemera pansi pa mapazi ake. Kenaka kudabwera mkokomo, wotsika, wosalekeza, wokula nthawi zonse, ndipo kumtunda dzuwa lidafiira ndi fumbi. Gologolo adaziona njati kambirimbiri ali mumtengo, zikuoneka misana chabe. Sadazionepo ali pansi. Zidatulukira zonse pamodzi, nyanga kugunda nyanga, njira yonse yodzaza, katundu akugwedera pamisana, ndipo adazindikira kuti chinthu chotere sichiimitsidwa ndi kanyama kolemera ngati chitsononkho.

Pamenepo nzeru zake zidamuonekera mmene zidalili. Adati mayo, ndachita chiyani ine? Ndatenga ana a eni ake ndawaika pansi pa ziboda kuti ndipulumutse ubweya. Adagwedeza mchira kawiri, katatu, kosawerengeka, mpaka msana kuwawa. Njati zakutsogolo zidauona, koma zidadziwa kuti tchire lilibe mwini, ndipo zidaweramitsa mitu. Zidadutsa chitsa mphepo yake n'kumugwetsa chagada. Kopolo adanyamula mwendo.

Ndiye kumunsi, m'udzu, nyimbo idayamba.

Timawu tating'ono, tosakhwima, touza wapaulendo kuti kwawo sikusamuka. Mumkokomo wonse uja Gologolo sadatimve n'komwe. Koma khutu la mayi ndi lina. Mayi Njati, ali patsogolo pa mazana, adamva polandira, ndipo pambuyo pa polandirapo adamva kaliwu kamodzi kosasa, kochedwa kokha. Kaliwu kameneko akadakazindikira ngakhale pakati pa mabingu.

Adalira kulira kumene sikudamvekepo m'dzikomo. Adazika ziboda zinayi zonse m'nthaka. Gulu lonse lidawagunda kumbuyo, mazana a njati ndi katundu wawo, iwo n'kulandira zonsezo pamsana umodzi. Maondo adagwa pansi n'kulima mizere iwiri, khungu likusupuka, koma mutu sadautsitse ndipo njira sadapereke. Mayi wachiwiri adamva mwana wake, n'kuzika ziboda. Wachitatu chimodzimodzi. Kuimako kudayenda chobwerera m'gulu monse, kuchokera kutsogolo mpaka kwa womaliza kumtunda, mitolo ikuuluka, nyanga zikulira, mpaka mkokomo udazima.

Kudangoti zii. Fumbi lidatsika pang'onopang'ono, ndipo mkati mwake nyimbo inkapitirira, pakuti anawo sadadziwe chimene chawaphonya. Mphuno ya mayi Njati idaima patatsala mkono umodzi kuti ifike pachulu. Panthambi Kopolo adali ataiwala mwendo m'mwamba, maso onse awiri, kwa nthawi yoyamba, akuyang'ana malo amodzi. Atakumbuka adauponda pansi, thupi lili lobiriwira.

Kenaka mayi Njati adadzuka, magazi ali chuchuchu m'maondo, n'kuponda phazi limodzi motsata nyimbo. Adapuma. Adaponda lina. Gulu lonse lidatsata, mazana a njati kunyamula ziboda pamodzi n'kuziika pansi pamodzi, mofatsa ngati woika dzira m'dengu. Mitu idali pansi, maso akufufuza m'udzu, ndipo zambiri mwa njatizo tsiku limenelo ndi pamene zidaona mwanapiye wa nkhwali koyamba, ngakhale zidadutsa pamenepo moyo wawo wonse. Gologolo adakhala pachitsa, pakamwa pali yasa. Sadadziwe kuti chinthu chachikulu chotero chingathe kufatsa chotero, ndipo misozi idatsika osaiitana.

Mayi Njati atanyambita mwana wawo mutu mpaka kumchira, adatembenuka n'kukwera mtsetse. Adaima pamaso pa Gologolo, mpweya wawo wotentha ukumuwomba.

"Ndani anaika ana athu panjira?"

"Ndine, mayi."

"Ndikuponde pano?"

"Mungathe, ndipo sindidandaula. Koma sindinawaike pachilendo. Ndinawaika pamene ana a mayi Nkhwali amakhala tsiku lililonse."

Mayi Njati adamuyang'ana nthawi yaitali. Adatembenuza mutu kuyang'ana kumunsi, kumene anapiye ankatuluka pakati pa miyendo ya mwana wawo. Phazi limene adalinyamula adaliika pansi pambali.

Pamenepo mthunzi udagwera onse. Atakweza maso adaona a Njovu ataima m'mbali mwa njira, Sajeni Nyalugwe ali pafupi ndi phazi lawo monga adalamulira. A Njovu amene sadachokepo pabwalo chikumbukire cha nyama iliyonse! Palibe adawamva akubwera, ngakhale kamtengo kuthyoka, ndipo palibe adadziwa kuti afika nthawi yanji. Njati mazana zidagwada ndi katundu yemwe. Ulendo uno a Njovu sadalingalire nthawi yaitali.

"Sajeni, unanena zoona, chete nayenso amayankhula. Gologolo, unanena zoona, lamulo silidya michira. Wochenjeza mnzake za msilikali yekha ndi mlonda wa akuba. Wochenjeza za amene ali m'udzu wagwira ntchito yanga. Mchira wake usiyeni. Sajeni, bisala mmene ufunira. Gologolo, gwedeza mmene ufunira."

Nthungululu zidamveka mpaka kudambo. Njiri adavina, Mbidzi adavina ndi kachitsa kake ka mchira, ndipo ngakhale Sajeni adagwedeza mutu podutsa, zomwe kwa nyalugwe ndi ulemu waukulu. Mtedza udaunjikidwa patsinde mulu wotalika kuposa mwini wake. Gologolo adaugwira mchira wake, n'kuusisita, mtima ukubwerera m'malo pang'onopang'ono. Adayambanso kumva kukoma kokhala wochenjera.

Onse atabalalika adaona mayi Nkhwali akukwera mtsetse, anapiye asanu ndi mmodzi ali pambuyo. Adaima patsinde pa mtengo.

"Zikomo, a Gologolo. Lero ana anga adutsa bwino."

"Mayi, musandithokoze. Ine..."

"Ndingokuuzani chimodzi, chifukwa pabwalo chinandikanika. Mwana wanga uja ankaukonda mchira wanu. Tikamadutsa ankaima pakati panjira kuti auone ukugwedera, ine n'kumamukalipira. Ukagwedera kawiri ankaseka, n'kuthamangira anzake. Tsiku lija anaima nthawi yaitali. Ankadikira."

Adasonkhanitsa anapiye awo n'kutsika.

Gologolo sadaukhudze mtedza uja. Adakwera panthambi yake, nayang'ana kumunsi, ndipo mchira udayamba kugwedera wokha. Msilikali adalibe m'tchire, njati zidali zitafika kale kwawo, njira idali yopanda munthu, koma mchira sudaleke. Palibe woweruza adamulamula zimenezo. Mpaka lero mukamuona gologolo panthambi, kaya akudya, kaya akupuma, mchira wake sukhala chete, chifukwa sadziwa amene waima m'udzu akudikira.

Nthano yagona pamenepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule, koma apite choyenda.